Munthu Wamtali Mumpanda wa Aafupi

Kwathu ndife aafupi. Sindikunena ufupi woti wina n'kutsutsa ayi, ndikunena ufupi wakuti ukakhala pampando wa basi mapazi amangolendewera m'malere. Agogo anali aafupi, bambo anali aafupi, mayi ndiye anachita kuonjeza, ndipo ine ndi achemwali anga tinangolandira osafunsa. Ine ntchito yanga ndi yometa anthu. Amanditcha Kalumo, ndipo kuseri kwa mpando wa makasitomala ndimasungako kabokosi koimapo, kuti pamutu pa munthu ndizipaona ndi maso osati kumangoganizira.

Tsono achemwali, mwa amuna onse a m'tauni, anakasankha wamtali kuposa onse. Tsiku loyamba kubwera kwathu anawerama pakhomo ngati akupepesa. Bambo anayamba kuwayang'ana kumapazi, kukwera, kukwera, mpaka chipewa cha bambowo chinagwera kumbuyo. Dzina lakuti Mlongoti linabadwa tsiku lomwelo, ndipo eni ake sanalikane. Alamu angawo anali opaka penti m'nyumba. Anzawo ankadandaula kuti amawathera ntchito, poti iwo denga ankalifikira ali chiimire, ena akufunafuna makwerero. Anali munthu wa mawu ochepa. Pa chithunzi chaukwati achemwali akuoneka bwinobwino, akumwetulira, ndipo pambali pawo paima jekete yopanda mutu.

Anatisiya mwakachetechete, monga ankachitira zinthu zonse. Anamwa tiyi m'mawa, anati akapumeko pang'ono, osadzukanso.

Anthu atayamba kudzaza panyumba, achemwali anandiitanira kuchipinda. Maso anali ofiira koma mawu sankanjenjemera.

"Kalumo, ndikufuna alamu ako akagone kumanda akale."

"Kwa agogo?"

"Kwa agogo. Pamalo panga paja. Akakumbe mozama, kuti tsiku langa likadzafika ndidzangogona pamwamba pawo. Zimaloledwa kwa anthu apabanja, ndinafunsa kalekale."

Chifukwa chake sanachite kundiuza. Manda akale ali pafupi ndi nyumba yawo, ulendo wapansi. Manda atsopano ali kunja kwa tauni: ukwere basi, utsike, ukwere ina, kenako chitunda chokwera ndi miyendo yako. Ndipo mawondo a achemwali anatha kale. Akamadzuka pampando umamva ngati wina akuthyola nkhuni kuseri kwa nyumba. Munthu amene wakhala ndi mwamuna wake kuyambira ali mtsikana amafuna pomuonera, pokamuuzako kuti denga layamba kudontha ndipo mwana wa aneba wakwatiwa.

Manda akalewo si manda wamba. Anasiya kulandira anthu ine ndisanamere ndevu, ndipo masiku ano olowako ndi magulu a sukulu ndi alendo a makamera ovala zipewa zazikulu. Kuli meya woyamba wa tauni, oweruza, madokotala, ndi asilikali ogona m'mizere ngati akudikirabe kuti wina awalamule kudzuka. Woikidwako watsopano ndi yekhayo amene banja lake lili ndi malo otsala. Ife tinali nawo, koma osati chifukwa cha ulemu. Agogo, amene anali osula zitsulo, anatenga kangodya ka kukhoma nthawi imene aliyense ankakakana, chifukwa kuseri kwa khomalo kunali kophera ng'ombe, ndipo fungo lake linkatembenuza ndi akufa omwe. Ophera ng'ombe anasamuka, fungo linatha, ife n'kutsala pakati pa mabwana.

Agogo anazunguliza kangodyako ndi mpanda wachitsulo wosula ndi manja awo, wa maluwa ndi timbalame. M'katimo munagona iwowo, agogo aakazi, mayi ndi bambo. Panatsala malo awiri oyandikana: a achemwali, ndi anga.

Za malo angawo ndineneko pang'ono. Ine ndakhala pa lendi moyo wanga wonse. Nyumba ya lendi, shopu ya lendi, ndipo mkazi amene ndinali naye anachokanso ngati munthu amene nthawi yake yokhala yatha. Ndasamuka kambirimbiri, moti bedi langa likangomva galimoto ikubwerera chammbuyo limayamba kumasuka lokha. Koma landilodi akandikwezera mawu ndinkamuyankha kuti, "Bwana, musandione chonchi. Ine ndili ndi malo pakatikati pa tauni, mpanda wachitsulo, aneba anga ndi oweruza." Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka, koma mumtima ndinkatsamirapo ndithu, kuti pali penapake pamene palibe adzagogode kudzandiuza kuti mwana wake wabwera, akufuna chipindachi.

Ndinapita kumandako m'mawa womwewo. Woyang'anira ndi mayi wina wojintcha, wa jombo za mphira ndi mulu wa makiyi m'chiuno, amene aliyense amangoti mayi Makiyi. Ndinawapeza akutsitsa mlendo wina amene anakwera pamwala kuti ajambule bwino mngelo wothyoka mphuno.

"Tsikani, bambo! Wagona pansipo anali woweruza, akumangani muli chikwerere."

Atandiona anasintha nkhope. "A Kalumo, ndamva. Pepani kwambiri. Achemwali ali bwanji?"

"Akulimba. Ndiwo andituma."

Tinatsata kanjira ka timiyala. Mandawo ali ndi bata lodabwitsa. Kunja magalimoto amalizirana mahutala, koma ukangolowa pageti phokoso limatsala panja ngati galu woletsedwa m'nyumba. Mitengo yake ndi ikuluikulu, ndipo mizu inanyamula miyala ina n'kuipendeketsa, moti mabwana ena akuoneka ngati akunong'onezana. Zolemba zambiri zinafufutika ndi mvula. Pena panangotsala mawu akuti "wokondedwa", osadziwika kuti ndani, wokondedwa ndi yani. Mayi Makiyi ankandikumbutsa malamulo tikuyenda, monga amachitira ndi aliyense: mwala sausuntha, muzu saudula, chitsulo sachikhudza.

"Ndi mpanda wa agogo anu womwe," anatero. "Mukudziwa kuti alendo amaujambula kuposa manda a meya? Uli m'gulu la zotetezedwa tsopano. Ngakhale inu eni ake simungachotsepo kamsomali."

"Agogo akanadziwa, bwenzi atasiya kachitini koponyamo zothokoza."

Anatsekula kageti ka mpandawo. Ndinapereka moni kwa bambo ndi mayi, n'kuwauza kuti kukubwera mlendo, asadabwe.

"Muyezo mwabwera nawo?" anafunsa mayi Makiyi.

"Muyezo ndine."

Apa ndifotokoze. Kwathu malo a manda sitiyeza ndi tepi. Agogo aakazi atamwalira, agogo aamuna anagona pansi pamalopo kuti aone ngati mpokwana. Mayi atamwalira anagonapo ndi bambo. Bambo atamwalira ndinagonapo ndine. Sizinalakwikepo, chifukwa tonse anatiumba ndi chikombole chimodzi. Choncho ndinavula jekete, n'kugona chagada pamalo pa achemwali. Udzu unali wozizira bwino. Ndinatambasula miyendo, kuloza zala zakumapazi kutsogolo mmene ndikanathera, chitsulo osachikhudza. Kumutu nako kunatsala danga.

"Mwaona? Malo ambirimbiri. Munthu akhoza kulowa ndi wailesi yomwe."

Mayi Makiyi anavomera ndi mutu. "Banja lanu ndimalikonda, silitopetsa okumba. Ndiwauza abwere mawa m'mawa."

Ndinatuluka pageti ndikudzimva kuti ndine munthu wodziwa kuyendetsa zinthu. Kenako ndinadzera kwa kalipentala kukaona ngati bokosi layambika.

Ndinaliona ndili patali. Linali pa mabenchi awiri, kumutu kuli m'kati mwa shedi, kumiyendo kutatulukira kunja, moti anthu odutsa m'njira ankachita kulilambalala.

"Achimwene, mwayamba kupanga mabwato?"

"Ndi la alamu anu ili," anatero kalipentala, pensulo ili kukhutu. "Matabwa anga onse anaperewera, ndachita kukatenga ena kwa anzanga opanga madenga."

Ndinaima. Ndinayang'ana bokosi. Ndinadziyang'ana ndekha kuyambira pachifuwa mpaka kunsapato, ulendo wosatenga nthawi.

"Tandidulirani chingwe cha kutalika kwake."

"Chavuta n'chiyani?"

"Ingodulani, achimwene. Mafunso mukandifunsa ndikachira."

Nditabwerera kunyumba, achemwali anamvetsera osandidula mawu. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatenga chingwecho n'kuyamba kuchikulunga padzanja pang'onopang'ono, kukulunga, kukulunga, chingwe osatha.

"Unagonapo iweyo?"

"Ndinagonapo."

"Kuyezera alamu ako."

"Mutu sunali bwino, achemwali."

"Zaka zonsezi umawameta utakwera kabokosi, iwo atakhala pansi. Lero waiwala." Milomo yawo inagwedera ngati ikufuna kuseka, koma sizinatheke. "Ndipatse ndodo yangayo. Tiye tikaone."

Tinatulukira khomo lakuseri, kusiya azimayi akuimba. Dzuwa linali litapendeka pang'ono pamene tinkafika.

Mayi Makiyi anagwira chingwe kumutu, ine n'kuchikoka kumiyendo. Chinafika pachitsulo, chinakwera, chinadutsa, chotsalacho n'kulendewera kunja ngati mchira.

"Eee," anatero mayi Makiyi. "Malemuwo ndi a banja lomweli?"

"Anali obwera," ndinatero.

Ndinayamba kuchonderera. "Mbali yakumiyendoyi singamasulidwe tsiku limodzi lokha? Tidzabwezeretsa bwinobwino, palibe angadziwe."

"Ndidziwa ine. Ndipo ngakhale mutamasula sizithandiza. Kuseri kwa chitsulocho ndi maziko a khoma."

"Nanga kumutu? Akumbe cholowa pansi pa mpanda, ngati khoswe."

"Kumutuko kwagona mkazi wa woweruza. Mukufuna alamu anu akatsamire mkazi wa mwini?"

"Kapena akanangopindako mawondo," ndinatero. "Moyo wawo wonse akhala akupinda, m'basi, pabedi, kutchalitchi…"

Achemwali anandiyang'ana. Mawu otsalawo ndinawameza.

Anakakhala pabenchi ya alendo, moyang'anana ndi mpanda, ndodo ili pakati pa miyendo.

"Basi," anatero. "Tisavutitse mayiwa, ali pantchito. Akagone kumanda atsopano."

"Nanga inu?"

"Nanenso ndidzapita komweko. Sindingagone kuno iwo ali okha kutchire. Munthu uja sadziwa kucheza ndi alendo."

"Ndikunena zokawaona, achemwali. Chitunda chija ndi mawondo amenewa?"

"Ndizipita ndikapeza wondinyamula. Iwe ukadzagula galimoto."

Ananena mopanda kudandaula, ngati munthu wonena kuti kunja kuli mitambo. Mayi Makiyi anayang'ana kumbali n'kuyamba kusewera ndi makiyi awo.

Ine ndinali nditaima pafupi ndi mpanda, ndikuyang'ana malo awiri aja, a achemwali ndi anga, udzu umodzi wopanda malire pakati. Ndipo ndinaona. Munthu amene wasamuka kambirimbiri amadziwa chinthu chimodzi: bedi likakana kulowa m'kachipinda molunjika, sulidula ayi, umaligoneka chokhota, mutu ngodya iyi, miyendo ngodya iyo. Kupingasa sikukanathandiza, poti malo awiriwo m'mbali sanali otambalala kuposa m'litali. Koma kuchoka pangodya kukafika pangodya inzake, maso anga ankandiuza kuti a Mlongoti akwana.

Akwana, koma adya malo onse awiri.

Ndinangoti ndikawongoleko miyendo.

Ndinayenda mpaka kwa asilikali, n'kubwerera kudzera kwa madokotala. Ndinaima pa manda a wamalonda wina amene anadzimangira kanyumba ka miyala, ka chitseko ndi zenera lomwe, ndipo tsopano mwakhala njiwa zosalipira lendi. Ndinawerenga miyala yowerengeka, osamva chimene ndikuwerenga. Palibe amene anaona zimene ine ndinaonazo. Mayi Makiyi anabadwira m'nyumba imene akukhalamoyo, za mabedi okhota sazidziwa. Achemwali mutu unali kwina. Ndikanangokhala chete, galimoto ikananyamula alamu kupita kunja kwa tauni, aliyense n'kumati Kalumo anayesetsa. Malo onse awiri akanatsala anga, ndikanadzagona motambasuka ngati bwana m'hotela. Ndipo ndinganame nditati maganizo amenewo anangodutsa. Analowa, anakhala pansi, anavula nsapato, anapempha ndi madzi akumwa omwe.

Vuto lake, chilichonse chimene ndinkadziwa za kusamuka chinali ndi alamu m'kati. Tsiku lililonse losamuka ankangotulukira osaitanidwa, kachitini ka penti kali m'manja. Ankanyamula kabati kumtunda ine ndikugwira kunsi, ndipo katundu akatuluka ankatsala m'nyumba yopanda kanthuyo, kufufuta madontho onse pakhoma kuti landilodi asapeze ponditolera mlandu. Akamaliza ankasamba m'manja n'kunena kuti, "Zatheka," basi, mawu a tsiku lonse.

Nditabwerera ndinapeza achemwali atalowa mumpanda. Anali atagwada, ndi mawondo omwewo, dzanja limodzi litagwira ndodo, linalo likuzula udzu. Osati pa bambo, osati pa mayi. Pamalo panga.

"Mukutani, achemwali?"

"Pamera minga. Iwe subwera, umangodzitama nawo m'shopu. Ukuganiza kuti zaka zonsezi pamayera pokha? Tsono ine ndikasiya kubwera kuno, adzakuzulira ndani?"

Ndinatembenukira kwa mayi Makiyi.

"Mayi Makiyi, lamulo lanu lija. Mwala, muzu, chitsulo. Pali pamene limanena kuti munthu azigona molunjika ngati msilikali?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Gwiraninso chingwe. Ayi, osati apo. Pangodyapo."

Ndinachikoka mpaka ngodya inayo, kudutsa pafupi ndi pamene achemwali anagwada. Chinagona pansi chonse, n'kutsalako danga.

Achemwali anayang'ana chingwe. Kenako anayang'ana pamene chadutsa.

"Chotsa."

"Chakwana, achemwali."

"Ndati chotsa. Amenewo ndi malo ako."

"Anali."

"Iwe, ulibe nyumba, ulibe mkazi, ulibe ngakhale nkhuku. Chako ndi chimenechi chokha. Bambo akusiyire, ine ndikulande? Anthu adzati chiyani?"

"Adzati Kalumo wasamukanso. Anazolowera."

"Usandiseketse pamanda."

"Sindikuseka. Ine malowa ndidzawafuna nditafa, ndipo nthawi imeneyo sindidzadziwa kuti ndili pati. Inu mukuwafuna mawa, muli moyo, ndi mawondo awiri osagwirizana. Komanso taganizani, ine kugona pambali pa a Mlongoti mpaka kalekale, ndikuponya nthabwala, iwo osayankha ngakhale imodzi? Bola kwa atsopanoko. Kuli anthu a masiku ano, odziwa nkhani za mpira."

"Ndipo bambo ndi mayi?"

"Akhala nane mokwanira. Mayi ankanena okha kuti ndimawatopetsa."

Achemwali anayang'ana minga imene inali m'manja mwawo. Kenako anaitaya n'kutambasula dzanja kuti ndiwadzutse, ndipo ataima langalo sanalisiye.

Mayi Makiyi ndiwo anatibwezera pansi. "Chingwe chilibe mapewa," anatero. "Bokosi lili nawo. Okumba sayamba ine ndisanaone ndi maso."

Ndinaimbira foni kalipentala, ndipo anabwera ndi chivundikiro cha bokosilo pa kangolo kokankha, chisanapakidwe n'komwe. Anachikweza pamwamba pa mpanda iye ndi mayi Makiyi. Ine ndinkathandiza ndi mawu, poti manja sankafika. Chinatsika pang'onopang'ono, chinakhudza kambalame kachitsulo, mayi Makiyi anakuwa, anachikhotetsa pang'ono, n'kugona paudzu. Mbali yopapatiza yakumiyendo inalowa pangodya ngati zinachita kupangana. Kalipentala anagwada n'kuyendetsa dzanja pakati pa thabwa ndi chitsulo, kuzungulira konse.

"Zogwirira ndiika za zingwe, zachitsulo zingakole," anatero. "Koma alowa."

Mayi Makiyi anazungulira mpandawo, n'kuuzunguliranso, manja ali m'chiuno.

"Chiyambireni ntchito ino sindinaikepo munthu chokhota. Akuluakulu akadzafunsa ndidzati chiyani?"

"Mudzati mwala sunasunthe, muzu sunadulidwe, chitsulo sichinakhudzidwe."

"Kambalame kaja mwakakhudza."

"Katikhudza ndi iko, mayi. Tonse taona."

Anandikokera pambali, kutali ndi achemwali, n'kutsitsa mawu.

"A Kalumo, ndikufunseni bwinobwino, poti inu chilichonse mumasandutsa nthabwala. Tikakumba apa, banja lanu latha malo. Achemwali adzalowa pamwamba pa amuna awo, basi, kageti ndidzatseka. Musadzabwere tsiku lina mutamwa kudzandiuza kuti simunamvetse."

"Ndamva, mayi."

"Kumva ndi kwina. Mwavomera?"

Ndinayang'ana mwala wa bambo, wa mayi, ndi kadanga kaja kamene ndinkadzionamo nditagona. Thabwa linali litakaphimba kale.

"Ndavomera. Akumbe."

Okumba anadandaula kuti dzenje lokhota limazunguza mutu, koma analikumba mozama ndi mosamala, dothi akulitulutsa ndi ndowa kuti lisakwirire bambo ndi mayi. Tsiku loika kunacha bwino. Bokosi ananyamula ndi anzawo a alamu, opaka penti okhaokha, onse m'masuti koma penti ili m'zikhadabo. Pokweza pamwamba pa mpanda, wamkulu wawo anayamba kulamula, "Khotetsani, khotetsani, kumiyendo kaye, tsitsani pang'ono," ngati akulowetsa kabati m'nyumba, ndipo azimayi ena anabisa nkhope m'mipango, mapewa akugwedera, osadziwika ngati ndi kulira kapena kwina kuja. Abusa anazungulirazungulira kufuna poima. Anazolowera kuima kumutu, koma kumutu kunali pangodya poti munthu sangaponde. Anathera kunja kwa mpanda, phazi limodzi lili pafupi kwambiri ndi mkazi wa woweruza, mayi Makiyi akuliyang'anitsitsa phazilo mpaka pemphero lomaliza.

Alendo ena a makamera anaima patali, zipewa zili m'manja, osajambula.

Achemwali sanalire mokweza. Anayang'ana m'dzenjemo nthawi yaitali, kenako anandinong'oneza.

"Ndiye kuti inenso ndidzagona chokhota?"

"Inu mukhoza kugona mmene mungafunire, achemwali. Mukwana paliponse."

Anandigunda ndi ndodo pamwendo, koma osati mopweteka.

Zonse zitatha, mnzawo wina wa alamu anabweretsa galimoto pageti kuti atengere achemwali kunyumba. Anakana.

"Ndiyenda. Ndikufuna ndidziwe pamene ndizipumira."

Tinanyamuka awiri, iwo atagwira mkono wanga, anthu ena akutitsatira chapatali. Anapuma koyamba pa kakhoma ka pamalo ogulitsira mafuta a galimoto, n'kukagogoda ndi ndodo ngati akuyesa kulimba kwake. Anapumanso pakhonde la sitolo ya mabuku, ndipo mwini sitolo anatulutsa mpando osapemphedwa.

"Muziupeza pompano, mayi," anatero, n'kubwerera m'kati.

Achemwali anakhala, anatambasula miyendo, anapuma mozama. Kuchokera pamenepo nsonga za mitengo ya kumanda zinkaoneka kumbuyo, ndipo denga la nyumba yawo linkaoneka kutsogolo.

"Ndikwanitsa," anatero. "Mawa ndibwera ndekha."

"Mawa lomweli? Asiyeni apumeko, afika kumene."

"Apume chiyani? Moyo wawo wonse akhala akupuma, woyankhula ndili ine. Ndidzutse, tiye."